Mwezi wa Disembala ku Kyoto unandipeza ndisanakonzeke

Ndinafika ku Kyoto, mzinda wa ku Japan, kumapeto kwa mwezi wa Seputembala kudzachita maphunziro a digiri yachiwiri, ndipo m'sutikesi mwanga munali juzi imodzi ndi jekete yopyapyala basi, chifukwa monga munthu wobadwira ku Dedza ndinkakhulupirira kuti kuzizira ndinakuzolowera kale ndi mphepo ya mu Juni. Pofika pa 1 Januwale ndinali chigonere m'chipinda chozizira ngati furiji, thupi likutentha, m'thumba muli ndalama zosakwana 2,000 yen, ndipo zipatala zonse za m'dera lathu zinali zotseka. Ndikulemba izi kuti wina amene akupita ku Japan kukaphunzira kapena kukagwira ntchito adziwe kuti miyambo ya m'miyezi imeneyi si ya kungoonerera ndi kujambula zithunzi ayi, koma ndiyo imalamulira tsiku limene banki idzatseke, tsiku limene dokotala adzapezeke, ngakhalenso mawu amene ungalankhule kwa mphunzitsi wako.

Cholakwa changa choyamba chinali chaching'ono m'maso mwanga. Nyumba imene ndinachita lendi inali yakale, yamatabwa, ndipo khomo loyang'anizana ndi langa linali la agogo ena aakazi amene ankakhala okha. Patangotha masiku ochepa ndifikire, anagogoda madzulo atanyamula kambale kokhala ndi timipira toyera ta ufa wa mpunga totchedwa dango. Analoza kumwamba, ndipo ndinamva mawu akuti tsukimi. Umenewu ndi mwambo woyang'ana mwezi wathunthu wa pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu pa kalendala yawo yakale, pamene anthu amaika dango ndi udzu wa ngayaye zoyera wotchedwa susuki pafupi ndi zenera pothokoza chifukwa cha zokolola. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinadya, ndipo m'mawa mwake ndinabweza kambale kopanda kanthu. Sindinkadziwa kuti kumeneko munthu akasamukira pamalo ndiye amayenera kuyamba kugogoda kwa anansi ndi kamphatso monga kathawulo kapena maswiti, komanso kuti mphatso imabwezedwa ndi mphatso. Agogowo sananene kanthu, koma kwa miyezi itatu tinkangoweramirana pa masitepe, ndipo ineyo ndinataya nthawi yomanga ubale ndi munthu amene anadzandipulumutsa.

Pa 22 Okutobala mumzinda wa Kyoto mumachitika zikondwerero ziwiri zazikulu tsiku limodzi, ndipo ine ndinaganiza zoona zonse. Masana kumakhala Jidai Matsuri, mdipiti wa anthu pafupifupi 2,000 ovala zovala za mibadwo yosiyanasiyana, umene umanyamuka ku nyumba yachifumu yakale nthawi ya 12 koloko kulowera ku kachisi wa Heian Jingu. Unayamba mu 1895 pokumbukira kuti panali patatha zaka 1,100 chikhalire Kyoto likulu la dzikolo, pakuti mfumu Kanmu inalowa mumzindawu pa tsiku la 22 la mwezi wakhumi pa kalendala yawo yakale mu 794. Mdipitiwu umayenda chobwerera m'mbuyo m'mbiri: oyamba kudutsa ndi asilikali a m'zaka za m'ma 1860, ndipo omaliza ndi a m'nthawi imene mzinda unkakhazikitsidwa. Ndinaimirira maola oposa awiri pa dzuwa, ndinatuluka thukuta, ndipo ndinadziuza kuti jekete ndi katundu wolemetsa chabe. Ndinabwerera kunyumba kukaisiya.

Madzulo ndinapita ku Kurama, mudzi wa m'mapiri kumpoto kwa mzinda, kumene kumachitika mwambo wa moto wa kachisi wa Yuki. Kumeneko kumapita kasitima kakang'ono ka mabogi awiri kochokera pa siteshoni ya Demachiyanagi, ulendo wa mphindi pafupifupi 30, koma tsiku limenelo anthu zikwizikwi amafuna kukwera kasitima komweko. Ndinaima pamzere kuposa ola limodzi, ndipo ndinafika mdima utagwa. Zimene ndinaona sindidzaziiwala. Pakhomo lililonse pankayaka moto, ana aang'ono anayamba kudutsa ndi timiuni tawo, kenako anabwera anyamata ovala timalaya ta m'mapewa ndi tinsalu ta m'chiuno, miyendo ili pamtunda, atasenza miuni yamitengo yotalika mamita atatu, yolemera moti wina ankachirikiza kumbuyo. Ankafuula kuti "Saireya, sairyo!" kwinaku makala akuwagwera pamsana, ndipo fungo la utsi wa paini linadzaza chigwa chonse. Koma mudziwu uli ndi msewu umodzi wokha wopapatiza, choncho apolisi amayendetsa oonerera mbali imodzi ndipo salola kuima pamalo ambiri. Zimbudzi n'zochepa, ndipo chakudya chogula n'chosowa. Ukangochoka pafupi ndi moto, mphepo ya m'phiri imalowa m'mafupa. Pobwerera ndinaima pamzere maola awiri nditavala shati ndi juzi yokha, mano akugundana, ndipo nditafika mumzinda mabasi anali atasiya kuyenda, moti ndinalipira takisi ndalama yomwe ikanandikwanira chakudya cha masiku atatu. Ndinagona sabata yathunthu ndi chifuwa. Amene akufuna kupita ku Kurama asankhe chikondwerero chimodzi chokha patsikulo, anyamuke masana dzuwa likadali pamutu, adyeretu, avale zofunda zenizeni, ndipo ayambe kubwerera mwambo usanathe.

Novembala anadutsa bwinoko. Masamba a mitengo ya momiji amafiira kwambiri kuyambira pakati pa mweziwu mpaka kumayambiriro kwa Disembala, ndipo malo monga Tofuku-ji, Eikando ndi Arashiyama amadzaza moti munthu umayenda ndi mapazi a mnzako. Akachisi ena amakweza mtengo wolowera m'nyengoyi, ndipo ndinaphunzira kuti nthawi yabwino ndi m'mawa pa tsiku la ntchito, zipata zikangotsegulidwa. Cha pa 15 Novembala ndinakumana ndi mabanja akupita ndi ana ku kachisi pa mwambo wa Shichi-go-san, wopempherera atsikana a zaka zitatu ndi zisanu ndi ziwiri komanso anyamata a zaka zisanu, ngakhale ena amapita nawonso a zaka zitatu. Anawo anavala kimono zokongola, atanyamula timatumba ta maswiti aatali otchedwa chitose-ame. Ndinatulutsa foni n'kujambula kamtsikana kena, ndipo bambo ake anabwera modekha, napingasa manja awo pachifuwa, chizindikiro chokana. Ndinachita manyazi kwambiri, ndinafufuta chithunzicho iwo akuona, ndipo kuyambira pamenepo sindijambula mwana wa munthu ndisanapemphe.

Mavuto enieni anayamba mu Disembala, ndipo anayambira pa ndalama. Mweziwu ndi wa bonenkai, maphwando oiwalira zovuta za chaka, amene gulu lililonse limene ulimo limachita lake. Ine ndinaitanidwa ku maphwando anayi, ndipo poopa kuoneka wamwano ndinavomera onse. Phwando lililonse linali la pakati pa 4,000 ndi 5,000 yen, ndipo aliyense amalipira mofanana kaya amamwa mowa kaya samwa, monga ine. Pambuyo pake ndinamva kwa anzanga kuti kukana mwaulemu n'kololedwa, makamaka kwa wophunzira, bola upite ku phwando la gulu la mphunzitsi wako. Nthawi yomweyonso kumudzi kunali kofunika feteleza wobereketsa ndi fizi ya mng'ono wanga ya teremu ya Januwale, ndipo ndinatumiza pafupifupi zonse zimene zinatsala, ndikudalira kuti zotsalazo zindifikitsa. Sindinawerengere magetsi. Nyumba zambiri za ku Kyoto, makamaka zakale, zilibe njira yotenthetsera nyumba yonse, ndipo mzindawu uli m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, mmene kuzizira kumakwera kuchokera pansi. Eni ake amakutchula kuti sokobie. Ndinkayatsa makina otenthetsa chipinda usiku wonse, ndipo bilu itabwera inali yoposa kuwirikiza kawiri ya mu Okutobala. Chifukwa cha mantha ndinasiya kuyatsa, ndipo ndinayamba kugona nditavala zovala zonse zimene ndinali nazo.

Ndikanadziwa, ndikanagula kotatsu m'sitolo ya katundu wogwiritsidwapo kale ntchito. Ndi tebulo lalifupi lokhala ndi kachotenthetsera kunsi kwake ndi bulangete lochindikala m'mbali, ndipo limadya magetsi ochepa. Palinso timapaketi totchedwa kairo timene timatentha tokha kwa maola ambiri, timene umamata pa malaya amkati, osati pakhungu. Za mbaula za palafini, zimene anthu ambiri kumeneko amagwiritsa ntchito, ndichenjeze kuti eni nyumba za lendi ambiri amaziletsa, ndipo mpweya wake m'chipinda chotseka umapha mwakachetechete monga momwe imachitira mbaula ya makala kwathu.

Khirisimasi inandipweteka mumtima. Pa 25 Disembala si tsiku la tchuthi ku Japan, ndipo ine ndinali m'kalasi mpaka madzulo. M'misewu muli nyali zokongola, anthu amagula keke ya sitiroberi ndi nkhuku yokazinga, imene ambiri amaitanitsiratu ku KFC masabata angapo tsikulo lisanafike, koma usiku wa pa 24 ndi wa anyamata ndi atsikana apachibwenzi, osati wa banja kapena wa tchalitchi. Matchalitchi alipo, ndipo ndikanafufuza msanga ndikanapeza anthu opembedza nawo, amenenso akanadziwa kuti ndili ndekha. Mmalomwake ndinaonera pa foni abale anga akudya mpunga wa nkhuku, ine ndili m'bulangete.

Sabata yomweyo ndinachita cholakwa chimene chimandiwawabe. Anthu a ku Japan amatumizirana makhadi a chaka chatsopano otchedwa nengajo, ndipo ukawaponya ku positi pofika pa 25 Disembala amafika m'mawa wa pa 1 Januwale. Ndinagula khadi lokongola, ndinakopera mosamala mawu achisangalalo, n'kutumiza kwa mphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga. Sindinkadziwa kuti mayi awo anali atamwalira chaka chomwecho, ndiponso kuti banja lofedwa silikondwerera chaka chatsopano. Banja lotero limatumiza khadi la chidziwitso mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ndipo olandira amadziwa kuti sayenera kulitumizira mawu achisangalalo. Anzanga onse a m'gulu lathu ankadziwa, koma ine sindinafunse aliyense.

Pa 29 Disembala maofesi a boma anatseka mpaka pa 3 Januwale, monga zimachitikira chaka chilichonse. Sukulu inatseka, zipatala zing'onozing'ono zinapachika zikwangwani, ndipo mabanki anatseka kuyambira pa 31. Anzanga a ku Japan onse anapita kwawo, chifukwa Oshogatsu, chikondwerero cha chaka chatsopano, ndi nthawi ya banja, ndipo masitima ndi ndege zimadzaza kudakali masabata. Pa makomo anthu anapachika zingwe zaudzu zotchedwa shimekazari atamaliza kusesa nyumba yonse, ndipo ngakhale galimoto yotola zinyalala inasiya kubwera. Madzulo a pa 30 ndinayamba kumva kuphwanya m'thupi. Pa 31 thupi linatentha kufika madigiri 39, ndipo ndinaganiza kuti ndi malungo. Ndinadzikoka mpaka ku kachipatala kapafupi, ndinapeza kotseka. Masitolo ang'onoang'ono otchedwa konbini amakhala otsegula usana ndi usiku ngakhale pa masiku amenewa, ndipo ndinagulako madzi ndi mpunga, koma makina otapira ndalama anandionetsa kuti mu akaunti munatsala ndalama zosakwana n'komwe zotapa, chifukwa za lendi ndi magetsi zinali zitadulidwa kale.

Usiku umenewo, kutatsala pang'ono kuti chaka chithe, ndinamva belu la kachisi wa Chibuda wapafupi likulira mozama, kulira kumodzi, kenako chete wautali, kenako kulira kwina. Limalira ka 108, chiwerengero cha zilakolako zimene Abuda amati zimasautsa munthu. Ndinali nditakonza zokaona belu lalikulu la ku kachisi wa Chion-in, limene amaliza ndi amonke 17 pamodzi, koma ndinamvera m'bulangete, ndikunjenjemera, ndikuwerenga mpaka ndinasokonezeka. Ndinalira. Sindinauze abale kumudzi chifukwa sindinafune kuwadetsa nkhawa pa chinthu chimene sakanatha kuchitapo kanthu.

M'mawa wa pa 1 Januwale kunamveka kugogoda. Anali agogo aja. Makoma a nyumbayo anali opyapyala, ndipo anali atamva kutsokomola kwanga usiku wonse. Atandiona sanafunse zambiri. Anandigwira pamphumi, analowa kwawo, ndipo anabwera ndi mdzukulu wawo wamkazi amene anadzacheza pa tchuthi ndipo ankalankhulako Chingerezi. Kudzera mwa iye anati, "Mwatenga khadi lanu la inshuwalansi? Valani, tikupita kuchipatala." Ndinayankha kuti, "Agogo, zipatala zatseka, ndiponso ndilibe ndalama." Iwo anangopukusa mutu n'kuitana takisi.

Apa m'pamene ndinadziwa zimene ndinayenera kudziwa kuyambira tsiku lofika. Mizinda ya ku Japan imakhala ndi chipatala chothandiza odwala mwadzidzidzi pa masiku a tchuthi, ndipo malo ake ndi maola ake amalembedwa m'kanyuzipepala ka mzinda kamene amaponya pakhomo lililonse, kamene ine ndinkangotaya. Matenda akakula, nambala ya ambulansi ndi 119, ndipo ambulansiyo ine sindikanalipira. Tinadikira maola atatu pakati pa anthu otsokomola ovala zophimba pakamwa. Ndinauza dokotala kuti ndinachoka ku Malawi miyezi itatu yapitayo, ndipo aliyense wochokera kwathu ayenera kunena zimenezi, chifukwa madokotala akumeneko sakumana ndi malungo kawirikawiri ndipo sangawaganizire okha. Atandiyeza m'mphuno anapeza kuti ndi fuluwenza, imene imavuta kwambiri m'nyengo imeneyi ndipo ili ndi katemera amene anthu amabayitsa mu Okutobala ndi Novembala. Ndi inshuwalansi ya boma wodwala amalipira magawo 30 pa 100 alionse, koma pa tsiku la tchuthi pamakhala ndalama yowonjezera, ndipo pamalopo ankalandira ndalama zapamanja zokha. Agogo anatulutsa 10,000 yen m'kachikwama kawo, ndipo inakwanira chipatala, mankhwala ndi takisi.

Masiku otsatira ankasiya chakudya pakhomo panga. Pa 3 Januwale, thupi litazizira, anandibweretsera osechi, zakudya za chaka chatsopano zimene amakonzeratu kuti asaphike m'masiku atatu oyamba. Mdzukulu wawo anandifotokozera kuti nyemba zakuda zimaimira thanzi ndi khama, mazira a nsomba amaimira kubereka ana ambiri, ndipo tinsomba touma totsekemera totchedwa tazukuri, timene tinandikumbutsa usipa, timaimira zokolola chifukwa kale ankathira tinsomba totere m'minda ya mpunga ngati manyowa. Panalinso msuzi wotchedwa ozoni, umene ku Kyoto amaphika ndi chokometsera cha soya chotchedwa miso, cha mtundu woyera, ndi mochi wozungulira. Mochi ndi mpunga womata wosinjidwa mpaka kunanda ngati ulimbo. Ine, pokhala munthu wa nsima, ndinadula kachidutswa n'kumeza monga timamezera mbamu, osatafuna. Kanaima pakhosi. Sindinathe kupuma kapena kulankhula, maso anatuluka, ndipo mdzukulu uja anandiweramitsa n'kundimenya pakati pa mapewa kangapo mpaka kanatuluka. Chaka chilichonse ozimitsa moto kumeneko amachenjeza anthu za mochi chifukwa ena, makamaka okalamba, amafa nawo. Uyenera kuudula ting'onoting'ono, kunyowetsa kukhosi ndi tiyi kapena msuzi, ndi kutafuna mpaka utasungunuka.

Sukulu itatsegulidwa, mnzanga wina ananditengera pambali n'kundiuza za khadi lija. Mtima unandigwa. Ndinapita ku ofesi ya mphunzitsi, ndinawerama, ndipo ndinati, "Sensei, pepani kwambiri, sindinadziwe za maliro a mayi anu." Anakhala chete kwakanthawi, kenako anati anamvetsa kuti ndinali ndi cholinga chabwino, ndipo anandiphunzitsa kuti kwa ofedwa munthu amadikira kuti masiku a chikondwerero athe n'kutumiza khadi lina lofunsa za moyo wawo m'nyengo yozizira, lotchedwa kanchu-mimai. Ndinawafotokozera mmene timakhalira pa siwa kwathu ndi mmene timapepesera, ndipo tinacheza kwa ola lathunthu, koyamba chifikire.

Ulendo wokaona ziboliboli za chipale chofewa ku Sapporo, mzinda wa kumpoto kwa Japan, kumene chikondwerero chake chimachitika kumayambiriro kwa Febuluwale kuyambira mu 1950, ndinausiya, chifukwa malo ogona ndi ndege za sabata imeneyo zimafuna kulipiriratu miyezi ingapo m'mbuyo, ndipo ine ndinali ndi ngongole. Ku kachisi pa ulendo woyamba wa chaka, umene amati hatsumode, ndinapita mochedwa ndi agogo, khamu litachepa, pakuti m'masiku atatu oyamba malo ngati Fushimi Inari amalandira anthu oposa 2 miliyoni. Monga Mkhristu ndinali ndi nkhawa, koma palibe anandikakamiza kuchita chilichonse. Ndinaima pambali nditavula chipewa pamene iwo ankawerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, n'kuweramanso kamodzi.

Ndalama yawo ndinabweza kumapeto kwa Januwale. Nthawi ino ndinafunsa kaye, ndipo ndinauzidwa kuti ndalama sizipatsidwa pamanja zili poyera, choncho ndinaziika mu envelopu yoyera pamodzi ndi paketi ya tiyi wa ku Thyolo amene ndinali nditasunga m'sutikesi. Chaka chachiwiri ndinabayitsa katemera mu Novembala, ndinapatula ndalama zapamanja ndi mankhwala pofika pa 20 Disembala, ndinamata pakhoma pepala la nambala ya chipatala cha pa tchuthi, ndipo kumudzi ndinatumiza za feteleza mu Okutobala.

Koma chaka choyambacho chisanathe nyengo yake yozizira, pa 3 Febuluwale, tsiku la mwambo wothamangitsa ziwanda wotchedwa Setsubun, agogo anagogodanso, atanyamula kabokosi kathabwa kodzaza soya wokazinga. Anatsegula chitseko changa n'kundionetsa kuponya soyayo panja ndikufuula kuti "Oni wa soto!", kutanthauza kuti ziwanda zituluke, kenako m'nyumba kuti "Fuku wa uchi!", kuti mwayi ulowe. Atatero anandifunsa zaka zanga, chifukwa munthu amadya njere zofanana ndi zaka zake, ndipo anandiwerengera njere 31 m'dzanja, imodziimodzi, asanayambe kuwerenga zawo.